Khutba ya Jumu'ah: Imam al-Ghazali ndi Udindo wa Munthu pa Mtima Wake

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini kulenga ndi Mwini kulamula, Amene anaika mtima m'chifuwa cha munthu naupanga kukhala mfumu ya ziwalo zonse. Tikumuyamika chifukwa cha mpweya umene tikupuma, nthaka imene tikulima ndi tsiku ili la Jumu'ah limene watisonkhanitsa m'nyumba Yake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, ku banja lake, kwa maswahaba ake ndi kwa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako inu, kumuopa Allah mobisika ndi moonekera.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tikakhala pa msika wa Furancungo, pa chigayo kapena pa maliro, timamva anthu akufotokoza chimene chinawagwetsa. Wina amatchula mvula imene inadula chimanga chili pa ngaiyaye. Wina amatchula mtengo wa feteleza. Wina amatchula zaka za nkhondo zimene zinamulanda sukulu. Winanso amaloza chala m'bale wake kuti ndi wansanje, kapena nkhalamba ya m'mudzi kuti inamulodza. Zina mwa izi ndi zoona ndipo ndi zowawa. Koma n'kamodzikamodzi kumva munthu akuika dzina lake lomwe pa mndandanda umenewu. Lero tikufuna tikusimbireni mbiri ya munthu amene anachita chinthu chosowachi, ndipo anachichita pa nthawi imene dziko lonse linkamuombera m'manja. Munthuyo ndi Imam al-Ghazali, Allah awachitire chifundo, mmodzi mwa maulama akuluakulu a madhhab a Imam al-Shafi'i amene ambiri a ife kuno ku Mozambique ndi ku Malawi timatsatira.

Dzina lawo lonse ndi Abu Hamid Muhammad ibn Muhammad al-Ghazali. Anabadwa m'chaka cha 450 cha Hijra, chomwe ndi 1058, ku Tus m'chigawo cha Khurasan, kufupi ndi mzinda umene lero ukutchedwa Mashhad m'dziko la Iran. Olemba mbiri yawo akusimba kuti bambo awo anali mmphawi wopota ubweya wa nkhosa n'kumagulitsa, munthu wosaphunzira koma wokonda kukhala pa mabwalo a maulama. Ataona kuti imfa yayandikira, bambowo anapereka ana awo awiri, Muhammad ndi Ahmad, m'manja mwa bwenzi lawo loopa Allah, pamodzi ndi kandalama kochepa, napempha kuti anawo aphunzire ngakhale ndalama yonseyo ithere pomwepo. Ndalamayo inathadi. Bwenzi lija, pokhala nalonso losauka, linalangiza anawo kuti akalowe m'madrasa, chifukwa kumeneko ophunzira ankalandira chakudya.

Taonani poyambira pa munthu amene pambuyo pake anadzatchedwa Hujjatul Islam, kutanthauza Umboni wa Chisilamu. Anali mwana wamasiye, ndipo chimene chinamulowetsa pa khomo la madrasa inali njala. Atakula, Imam sanabise zimenezi. Ankavomera kuti iwo ndi m'bale wawo anayamba kufuna maphunziro pa chifukwa china osati Allah, koma maphunzirowo anawakoka pang'onopang'ono kufikira atawafikitsa kwa Mwini wake. Anayamba fiqh kwawo konko ku Tus pansi pa Sheikh Ahmad al-Radhakani, kenako anapita ku Jurjan, kumene anadzaza mabuku ndi zolemba za m'kalasi.

Pobwerera kwawo kuchokera ku Jurjan, achifwamba anatchingira gulu la apaulendo limene iwo anali nalo ndipo analanda katundu yense. Mnyamatayo anawalondola pambuyo, ngakhale anamuopseza kuti amupha, napempha mkulu wa achifwambawo kuti ambwezere chikwama chimodzi chokha, cha zolemba zake, poti m'menemo munali maphunziro onse amene anasiyira kwawo. Mkulu wa achifwamba anaseka, namufunsa kuti ndi maphunziro amtundu wanji amene amatha munthu akalandidwa chikwama. Kenako analamula kuti amubwezere. Ambiri a ife tikanafika kwathu ndi nkhani ya kuipa kwa dziko, ndipo tikanaisimba mpaka ukalamba. Mnyamatayu anatenga chitonzo cha mbala monga chenjezo limene Allah analitumiza kudzera pakamwa pa munthu woipa. Atafika ku Tus anatha zaka zitatu akuloweza pamtima zonse zimene analemba, kuti pasadzapezekenso munthu wotha kumulanda. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Iye anaona kuti ngakhale mdani angathe kukutsina khutu, ngati uli nalo khutu lomva.

Atatero anapita ku Nishapur kukaphunzira kwa Imam al-Juwayni, wodziwika kuti Imamul Haramain, amene anali mutu wa maulama a Shafi'i m'nthawi imeneyo. Kumeneko anazama pa fiqh, pa maziko a fiqh ndi pa luso la mtsutso, ndipo anayamba kulemba mabuku mphunzitsi wawo akadali moyo. Imam al-Juwayni atamwalira mu 1085, al-Ghazali anapita ku bwalo la Nizam al-Mulk, nduna yaikulu ya mafumu a Seljuk, imene inamanga masukulu otchedwa Nizamiyya m'mizinda yambiri. Pa bwalolo maulama ankapikisana pa mtsutso, ndipo panalibe wowagonjetsa. Mu 1091 ndunayo inawaika kukhala mphunzitsi wamkulu wa Nizamiyya ya ku Baghdad, mpando wapamwamba zedi wa maphunziro m'dziko la Chisilamu, ali ndi zaka pafupifupi 33.

Ku Baghdad ophunzira 300 ankakhala pamapazi awo. Akuluakulu a boma ankawafunsa nzeru, ndipo Khalifa al-Mustazhir anawapempha kuti alembe buku lotsutsa gulu la Batiniyya. M'nthawi yawo yopuma anawerenga okha mabuku a anthanthi monga al-Farabi ndi Ibn Sina kwa zaka zosakwana ziwiri, nasinkhasinkha za iwo pafupifupi chaka china, kenako analemba Tahafut al-Falasifa, mmene anawatsutsa pa nkhani 20. Sanafune kutsutsa chinthu asanachimvetse kuposa eni ake. Mwana wamasiye wa ku Tus uja tsopano anali ndi chuma, zovala zamtengo wapatali ndi dzina lomveka kutali. M'zaka zomwezo anaona Nizam al-Mulk akuphedwa ndi mpeni mu 1092, Sultan Malik Shah akumwalira patangopita pafupifupi mwezi umodzi, ndi ana a mfumuyo akulimbirana mpando. Anaona ndi maso mmene ulemerero umagwera.

Abale athu olemekezeka, apa ndi pamene pagona mtima wa mbiriyi. Panalibe mdani amene anawachotsa pa mpando. Panalibe qadhi amene anawaitanira mlandu. Iwo eni ndi amene anakhala pansi nadzifunsa funso limene palibe wina akanawafunsa: kodi ndikuphunzitsiranji? M'buku lawo la al-Munqidh min al-Dalal akutiuza poyera chimene anapeza. Ntchito yawo yabwino koposa inali kuphunzitsa, koma ataifufuza anaona kuti ankataya nthawi pa maphunziro amene sanali ofunika pa ulendo wa ku Akhira, ndipo atafufuza niya yawo anaipeza kuti sinali ya Allah yekha. Chimene chinkaiyendetsa chinali kufuna ulemu ndi kutchuka. Anadziona ngati munthu woima m'mphepete mwa gomo limene likugumuka.

Kudziwa matenda sikuchira. Kuyambira mwezi wa Rajab m'chaka cha 488, chomwe ndi 1095, anakhala pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi akukokedwa uku ndi uku. M'mawa ankatsimikiza zochoka, pofika madzulo zilakolako zinkawabweza. Mtima unkawauza kuti moyo watsala pang'ono ndipo ulendo ndi wautali, Satana nawanong'oneza kuti awa ndi maganizo a kanthawi chabe, ndipo akasiya mpando wotere sadzaupezanso. Mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku lina anaima pamaso pa ophunzira awo ndipo lilime linakana kutulutsa mawu. Chisoni chinawagwira mpaka chakudya chinaleka kugayika m'mimba, ndipo mphamvu zinawathera. Asing'anga a ku Baghdad atawapima anataya chiyembekezo, nanena kuti vutolo layambira mumtima n'kufalikira m'thupi, ndipo silingachire pokhapokha nkhawa ya mumtimayo itachoka.

Ataona kuti mphamvu zawo zatha, anathawira kwa Allah monga munthu wosowa pogwira, ndipo Allah anawapeputsira kusiya ulemu ndi chuma. M'mwezi wa Dhul Qa'da chaka chomwecho anatuluka mu Baghdad. Anaonetsa ngati akupita ku Makkah, poopa kuti Khalifa ndi anzawo angawaletse akadziwa kuti akufuna kukakhala ku Sham. Anthu ananena zambiri. Akutali ankaganiza kuti akuthawa mkwiyo wa olamula. Apafupi, amene ankaona mmene olamulawo ankawakakamirira, anasowa chonena, ndipo anati ndi diso loipa limene lagwera Asilamu ndi maphunziro awo. Mwamva, abale athu? Ngakhale ku Baghdad, zaka zoposa 900 zapitazo, anthu anathamangira kutchula diso loipa, pamene mwini nkhani ankadziwa kuti vuto linali niya yake.

Pano tichenjezane, kuti wina asatuluke mumzikiti muno n'kukasiya mkazi ndi ana pa njala ponena kuti akutsanzira Imam. Iwo asanachoke anagawa chuma chawo, koma anapatula chokwanira kudyetsa ana awo. Ophunzira awonso sanawasiye okha: m'bale wawo Ahmad anatenga malo awo pa Nizamiyya. Munthu amene akukonza mtima wake sayamba ndi kuphwanya ufulu wa anthu amene ali pakhosi pake. Ndipo pambuyo pake kuitana kwa ana awo ndi kumene kunawabweza kwawo.

Anafika ku Damascus, kumene ankakwera mnara wa mzikiti waukulu n'kudzitsekera tsiku lonse, akuchita dhikr ndi kulimbana ndi mtima wawo. Anapita ku Jerusalem, kumene ankachita chimodzimodzi mu Qubbat al-Sakhra. Ku Hebron, pa manda a Mneneri Ibrahim, mtendere ukhale pa iye, anadzimanga ndi malonjezo atatu: kuti sadzalandiranso chuma cha mfumu, sadzapitanso ku bwalo la mfumu, ndipo sadzalowanso m'mitsutso yopikisana. Taganizirani malonjezo amenewa. Lililonse linatseka khomo limodzi limene matenda awo ankalowera. Sanangonena kuti alapa. Anadziwa pamene amaterereka, ndipo anamanga mpanda pamalo pomwepo. Mu 1096 anachita Hajj nayendera Madinah, kenako anadzera ku Baghdad kwa kanthawi kochepa asanabwerere ku Tus, kumene anakhala moyo wachete pamodzi ndi ophunzira ochepa.

M'zaka zimenezi ndi mmene analemba buku lawo lalikulu, Ihya Ulum al-Din, kutanthauza kudzutsa maphunziro a chipembedzo. Lili ndi mabuku 40 ogawidwa m'zigawo zinayi, chilichonse mabuku khumi. Chigawo choyamba ndi cha mapemphero monga swala, zakaat, kusala ndi Hajj. Chachiwiri ndi cha moyo wa tsiku ndi tsiku: kudya, ukwati, malonda, ubwenzi ndi ulendo. Chachitatu ndi cha zoononga mtima monga mkwiyo, kaduka, umbombo, chiphamaso ndi kudzikweza. Chachinayi ndi cha zopulumutsa monga kulapa, kupirira, kuthokoza, kuyedzamira kwa Allah ndi kukumbukira imfa. Amene analemba za chiphamaso ndi kukonda ulemu anali munthu woti matendawo anamugwetsapo, n'chifukwa chake mawu ake akulasabe mitima mpaka lero.

Patapita zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi, mu 1106, nduna Fakhr al-Mulk, mwana wa Nizam al-Mulk, inawaumiriza kuti akaphunzitsenso ku Nizamiyya ya ku Nishapur. Apanso anadzifufuza. Anaona kuti chikhulupiriro cha anthu chafooka, ndipo kukhala chete pa nthawi yotero kukanatha kukhala ulesi ndi kudzikonda kovala mkanjo wa kuopa Allah. Atafunsira kwa anthu olungama, anavomera. Kunja, ntchito inali yomwe ija: mphunzitsi, ophunzira ndi mabuku. Mkati, inali ntchito ina. Kale ankafalitsa maphunziro opezera ulemu, tsopano ankaitanira ku maphunziro osiyitsa munthu kuthamangira ulemu. Mpando sunasinthe, anasintha ndi wokhalapo.

Kusinthako sikunawachotsere mavuto. Ansanje anawaneneza kwa Sultan Sanjar. Kutali ku Cordoba, mu Andalus, dera limene lero kuli Spain ndi Portugal, buku la Ihya linatenthedwa pa moto mu 1109 mwa lamulo la olamula a kumeneko. Koma mavutowa anapeza munthu wokhazikika. Ataitanidwa kuti abwerere pa mpando wawo wakale ku Baghdad, anakana, natchula malonjezo awo a ku Hebron. Masiku awo omaliza anathera ku Tus, akugawa nthawi yawo pakati pa Qur'an, kuphunzitsa, swala, kusala ndi kuwerenga Hadith.

Anamwalira Lolemba pa 14 Jumada al-Akhira m'chaka cha 505, mwezi wa Disembala 1111, ali ndi zaka 55 pa kawerengedwe ka Hijra. M'bale wawo Ahmad akusimba kuti m'bandakucha wa tsikulo anachita wudhu, naswali, napempha nsalu ya sanda yawo. Anaipsompsona, naiika pamaso pawo, natambasula miyendo moyang'ana ku Qibla, ndipo dzuwa lisanatuluke anali atabwerera kwa Mbuye wawo. Mafumu a Seljuk anatha, sukulu za Nizamiyya zinagwa, koma mabuku a mwana wamasiye uja akuwerengedwabe. Buku lawo la fiqh la al-Wajiz linatambasulidwa ndi Imam al-Rafi'i, ntchito imeneyo inafupikitsidwa ndi Imam al-Nawawi, ndipo kudzera mwa akuluakulu amenewa fiqh ya Shafi'i inafika ku gombe lathu ndi m'madrasa a m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Ngakhale m'mabuku a Chipwitikizi mudzawapeza, pa dzina loti Algazel.

Tikunena mawu athu awa, ndipo tikupempha Allah kuti atikhululukire ife ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachifundo.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, Amene amadziwa zobisika za m'zifuwa. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake Muhammad, ku banja lake ndi kwa maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, mbiri ya anthu olungama sitisimba kuti tingodabwa nayo. Tiyeni titolepo zinayi zimene Imam anaziphunzira ndi thupi lawo lomwe, naziika m'buku la Ihya.

Choyamba, ntchito iliyonse imayamba ndi kaganizo. Imam akufotokoza kuti pachiyambi pamabwera ganizo longodutsa mumtima, kenako mtima umapendekera ku chinthucho, kenako umagamula kuti chiyenera kuchitika, pomaliza umatsimikiza, ndipo ziwalo zimangotsatira. Pa ziwiri zoyambazo munthu saimbidwa mlandu, poti sizili m'manja mwake. Udindo umayamba pamene walilandira ganizolo n'kulipatsa mpando. Munthu amene anasuntha malire a munda wa mnzake sanayambe ndi khasu, anayamba ndi kuyang'ana mundawo tsiku ndi tsiku n'kumadziuza kuti mwini wake sakuulima bwino. Wamalonda amene anachepetsa muyeso wa chitini cha chimanga anayamba ndi kudziuza kuti onse pa msika amatero. Si mwangozi kuti Imam al-Bukhari anatsegula buku lawo la Sahih ndi hadith yonena za niya.

Chachiwiri, khalidwe limasinthika. M'masiku a Imam analiponso anthu onena kuti munthu sasintha chibadwa chake, monga mmene ena a ife timanenera kuti ukali uwu ndi wakumtundu, kapena kuti kwathu sitisunga ndalama. Imam akuyankha kuti khalidwe likanakhala losasinthika, ulaliki ndi malangizo zikanakhala zopanda ntchito. Ngati kavalo wolusa amawetedwa ndi galu amaphunzitsidwa kugwira nyama osaidya, nanji munthu wopatsidwa nzeru? Inu amene mumaphunzitsa ng'ombe kukoka ngolo mukudziwa kuti siphunzira tsiku limodzi. Njira yake ndi kudzikakamiza pa ntchito ya khalidwe limene ukulifuna kufikira itasanduka chizolowezi. Wofuna kuwolowa manja ayambe kupereka mtima usakufuna. Wofuna kuleza mtima ayambe kutseka pakamwa pamene magazi awira. Mwana wa ku madrasa amalemba alif yokhotakhota kambirimbiri dzanja lake lisanazolowere.

Chachitatu, munthu ayenera kudziwa zilema zake. Imam akutchula njira zinayi: kukhala pansi pa sheikh wodziwa matenda a mtima, kupeza bwenzi loona loti likuuze zoona, kumvetsera zimene adani akunena za iwe, ndi kutenga zoipa zimene ukuona mwa ena monga kalilole wodziyang'anira. Akuonjezeranso kuti munthu azichita ndi mtima wake monga wamalonda amachitira ndi mnzake wa pa geni: m'mawa amapangana naye zochita, masana amamuyang'anira, madzulo amawerengera phindu ndi kuluza. Mpamba wake ndi masiku a moyo, ndipo tsiku lapita silibwerera. Ambiri a ife timadziwa matumba a mbatatesi amene tinakolola ku Tsangano chaka chatha ndi mtengo umene tinagulitsira, koma sitinawerengepo mabodza amene tinanena sabata ino.

Chachinayi, chiyembekezo chenicheni chimatsagana ndi ntchito. Imam akupereka fanizo la mlimi. Amene wasankha nthaka yabwino, wabzala mbewu yabwino, wathirira ndi kupalira, kenako n'kuyembekezera kuti Allah atchinjiriza mbewuyo ku zoononga, ameneyo ali ndi chiyembekezo. Amene wamwaza mbewu pa thanthwe louma n'kukhala pansi kudikira zokolola akudzinyenga. Kuyedzamira kwa Allah sikutanthauza kupachika khasu pa tsindwi. Dzanja ligwire ntchito, mtima udalire Mwini riziki.

Tisamvane molakwa, abale athu. Sitikunena kuti aliyense wosauka ndi waulesi, kapena kuti aliyense wodwala ali ndi mtima woipa. Matalala amagwa pa munda wa wolungama ndi wa wosalungama. Ambiri muno munathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza m'zaka za nkhondo, ndipo mutabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 munapeza minda itasanduka tchire ndi nyumba zitagwa. Simunasankhe zimenezo, monga mmene Imam sanasankhire umasiye kapena achifwamba a pa njira ya ku Jurjan. Ndipo pamene pali kuponderezana, kaya pa sikelo, kaya pa bwalo la milandu, kunena choonadi ndi mbali ya udindo womwewu. Koma munaonanso ndi maso anu kuti anthu awiri anabwerera kuchokera ku msasa umodzi, atanyamula katundu wofanana. Wina anagwira khasu n'kutumiza ana kusukulu ndi ku madrasa. Wina anakhala pansi pa mtengo kuwerenga zimene anataya, ndipo akuwerengabe. Chimene chatigwera sitidzafunsidwa. Tidzafunsidwa chimene tinachita nacho.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat al-A'raf, ikutisimbira za awiri amene analakwira lamulo la Allah. Tate wathu Adam, mtendere ukhale pa iye, anavomera kuti wadzichitira yekha zoipa napempha chikhululuko, ndipo anakwezedwa. Iblis anadzilungamitsa, nakankhira kusokera kwake kwa Mbuye wake, ndipo anatembereredwa. Tsiku lililonse limene zinthu zativuta timasankha kuti titsatire uti mwa awiriwa. Ndipo Surat al-Ra'd, ndime ya 11, ikumangirira kusintha kwa mmene anthu alili pa kusintha kwa zimene zili mkati mwawo. Mukafika kunyumba muiwerenge pamodzi ndi ana anu.

Choncho tikukupemphani chinthu chimodzi sabata ino. Mukatha swala ya Isha, musanagone, khalani kanthawi panokha. Tengani vuto limodzi limene likukusowetsani tulo, kaya ndi ngongole, kaya ndi mkangano wa m'banja, kaya ndi mwana amene walowerera. Patulani mbali imene sili m'manja mwanu muisiye kwa Allah. Kenako funsani mtima wanu mopanda kuunyengerera kuti mbali yanu ndi iti. Bambo adzifunse kumene inapita ndalama ya zokolola za chaka chatha. Mayi adzifunse za mawu amene anatuluka pakamwa pake pa chitsime. Mnyamata amene akuti kulibe ntchito adzifunse chimene anachita ndi maola a dzulo. Nafenso amene timaima pa mimbari iyi tidzifunse funso la Imam lija, ngati tikulalikira chifukwa cha Allah kapena kuti anthu atitchule masheikh. Mukapeza pamene mumaterereka, mangani mpanda pamenepo monga anachitira iwo ku Hebron: lonjezo limodzi laling'ono, lodziwika bwino, limene mungathe kulisunga.

O Allah, tionetseni zilema zathu tisanaone za anzathu. Yeretsani niya zathu, ndipo ntchito zathu muzichite kukhala za Inu nokha. Tipatseni mphamvu yosintha zimene mwaika m'manja mwathu ndi kupirira pa zimene mwatikonzera. O Allah, chitirani chifundo Imam al-Ghazali, maulama onse ndi masheikh athu amene anatiphunzitsa. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola. Chiritsani odwala athu, thandizani amasiye ndi angongole, tipatseni mvula yamadalitso yopanda chionongeko, ndipo dalitsani minda ya Macanga, Tsangano ndi Angónia. Khazikitsani mtendere m'dziko lathu la Mozambique ndi m'maiko oyandikana nafe, ndipo ongolani atsogoleri athu ku chilungamo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, ku banja lake ndi kwa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo mumuthokoze pa mtendere Wake. Imirirani tiswali.